KANEMA WA CIWANDA: ZOKOMA ZACE NDI ZOPEREWERA ZACE

Ndifotokozeko za kanema wina amene ambiri a ife tinamva mbiri yace, ndipo ena tinamuonapo. Dzina lace ndi The Exorcist, ndiko kunena kuti wotulutsa ziwanda. Usiku wina m'nyumba yathu yogonamo munabuka mkangano pa za kanemayu. Ena anati palibe wina womposa, ena anati ndi wacabe, woyenera kumtaya kudzala. Mkanganowo unatha ndi belu lozimira nyali, popanda wogonja. Ine ndinakhala cete, pakuti ndinali ndi nkhani imene ndinali kucita nayo manyazi. Lero ndaganiza kuilemba, ndipo ndiyesa kulongosola pamene kanemayu ali ndi mphamvu, pamene aperewera, ndi cifukwa cace kuperewerako si nkhani yamasewera kwa ife a kuno ku mapiri a Dedza.

Ndinamuona pa chuthi, kumapeto kwa mwezi wa July, m'kanyumba ka vidiyo pa msika wa kwathu, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lilongwe kunka ku Ntcheu. Agogo anga amakacha kanyumbako baisikopo. Mazenera ace ndi otseka ndi makatoni, mabenci ace ndi a matabwa a paini, ndipo tsikulo tinadzazamo ndi anyamata ogulitsa kacewere ndi kabici. Kunja kunali nkhungu yotsika m'phiri, ndi mphepo yolowa m'mafupa.

NKHANI YACE MWACIDULE

Kanemayu anatuluka ku America pa 26 December 1973. Anamtsogolera ndi William Friedkin, potsata buku limene William Peter Blatty anasindikiza m'caka ca 1971. Blatty, ali wophunzira pa Georgetown University, anamva za mnyamata wina wa ku Maryland amene ansembe a cipani ca Ajezwiti anampempherera mu mzinda wa St Louis m'caka ca 1949, pokhulupirira kuti anali ndi ciwanda. Patapita zaka zoposa 20 anatenga nkhaniyo, nasandutsa mnyamatayo kukhala mtsikana, naonjezapo zambiri za m'mutu mwace.

Mtsikanayo dzina lace ndi Regan, wa zaka 12, ndipo akhala ndi amai ace, Chris MacNeil, m'nyumba yosanja mu mzinda wa Washington. Atate ace ali kutali, pakuti ukwati unatha. Poyamba m'denga mumveka phokoso, amai nayesa kuti ndi makoswe. Kenaka kama wa mwanayo ayamba kugwedezeka yekha. Mwana wofatsa uja ayamba kutukwana ndi kumenya anthu, ndipo mau ace asanduka ngati a nkhalamba. Madotolo ampima m'njira zonse, osapeza kanthu. Potsiriza amai aja, amene sanali a mpingo uli wonse, apita kukadandaula kwa wansembe wina, Bambo Damien Karras. Iye apempha cilolezo kwa akuru a Mpingo, ndipo iwo atumiza wansembe wokalamba, Bambo Merrin, kuti atsogolere mwambo wotulutsa ciwanda. Merrin afa ndi nthenda ya mtima mwambowo uli m'kati. Pamenepo Karras alamula ciwandaco kuti cimsiye mwanayo cilowe mwa iye, ndipo citalowa adziponya pa zenera, nagubuduka pa makwerero a miyala, nafa. Mwanayo acira, osakumbukira kanthu.

ZOKOMA ZACE

Coyamba ndi kudekha. Tonse tinaonapo akanema aja a ufiti amene asanathe mphindi 5 mfiti yauluka kale, moto uli kutuluka m'maso mwace, ife n'kumangoseka. Kanemayu satero ai. Nthawi yaitali ipita tiri kungoona mai ndi mwana wace ali kuceza, kuseka ndi kugonekana. Tiyamba tamkonda mwanayo, ndipo pamene zoopsa zifika, zigwera munthu amene timdziwa kale. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Friedkin anaudziwa mwambi umenewu ngakhale sanaumvepo. Anyamata ena m'kanyumba muja anayamba kudandaula kuti ataya ndarama zao, koma ndi omwewo amene pomariza anakana kupita okha kwao.

Caciwiri ndi anthu a m'nkhaniyi. Ellen Burstyn, amene asewera ngati amai a Regan, aonetsa bwino mtima wa kholo loyenda khomo ndi khomo kufuna thandizo la mwana wace. Mai wotere timdziwa, pakuti alipo m'mudzi uli wonse. Koma amene anandikhudza koposa ndi Bambo Karras, amene aseweredwa ndi Jason Miller. Iye ndi wansembe, ndiponso ndi dotolo wa nthenda za maganizo, koma cikhulupiriro cace cafooka. Amai ace, nkhalamba yosauka ya ku New York, adwala namwalira iye ali kutali, alibe ndarama zowasamalira bwino. Tsono ciwanda cija cidziwa bala limeneli, ndipo cimlankhula ndi mau a amai acewo. Kwa ine apa ndi pamene panali poopsa kuposa pena ponse. Ife amene tiri kuno ku sukulu, makolo athu ali kugwa ndi khasu m'madimba kuti atilipirire, tidziwa kuti munthu angathe kuzunzika ndi cikumbumtima popanda ciwanda ciri conse.

Cacitatu ndi luso la manja. M'caka ca 1973 kunalibe zojambula za pa kompyuta zimene tazolowera lero. Pofuna kuti mpweya wa ansembe uzioneka potuluka m'kamwa, anaika makina oziziritsa m'cipinda cojambuliramo, kufikira cinazizira koposa madzi oundana. Ife a ku Dedza, amene tiona mpweya wathu m'mamawa wa June popita kukasamba, tinakhulupirira msanga kuti anthu aja anali kumva mphepo yeniyeni. Max von Sydow, amene asewera ngati Merrin, anali ndi zaka 44 zokha, koma mmisiri wina, Dick Smith, anamkonza nkhope kufikira aoneka ngati gogo woyendera ndodo. Mau a ciwanda sanali a mwanayo ai, koma a mai wina wamkuru, Mercedes McCambridge. Ndiponso kanemayu adziwa nchito ya kukhala cete: nthawi zambiri mulibe nyimbo, mungomveka kupuma kokha kuseri kwa citseko. Si zodabwitsa tsono kuti pa mphotho za Oscar anachulidwa m'zigawo 10 napambana 2, ina ya kalembedwe ka nkhani, ina ya kamvekedwe ka mau.

Cacinai n'cakuti aonetsa Mpingo wosafulumira. Pamene amai aja apempha kuti mwana wao atulutsidwe ciwanda, Karras ayamba wakana, nawauza kuti mwanayo afunika cipatala. Pambuyo pace amyesa pomwaza madzi a pa mpope namuuza kuti ndi madzi odalitsidwa, kuti aone ngati adzadziwa. Apa kanemayu atsata malamulo enieni. Buku la miyambo la Mpingo wa Katolika la 1614, ndi lina lokonzedwanso la 1999, onse acenjeza wansembe kuti asafulumire kuyesa nthenda ciwanda, ndipo mwambowu sucitika popanda cilolezo ca episkopi. Nkhaniyi siri kutali ndi ife. M'caka comweco ca 1973, Ambuye Emmanuel Milingo, mbadwa ya kufupi ndi Chipata, amene anali Arkiepiskopi wa Lusaka, anayamba mapemphero ociritsa ndi otulutsa mizimu, ndipo anthu anakhamukirako miyandamiyanda. Akuru a ku Roma anaona kuti zanyanya, nawaitana m'caka ca 1982, ndipo m'caka ca 1983 anatula pansi udindo wao wa ku Lusaka.

ZOPEREWERA ZACE

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Coyamba coperewera ndi zonyansa zopyola muyeso. Pali pamene mutu wa mwanayo uzungulira kufikira nkhope ipenya kumbuyo, ndi pamene asanza zobiriwira, zimene anazikonza ndi msuzi wa nsawawa. Ali yense amene anaphunzirako za mafupa a khosi adziwa kuti mutu ukatero munthu wafa. Pamenepo anzanga ena anaseka, ndipo mantha aja amene kanemayu anawamanga mosamala anagumuka kwa kanthawi. Zinthu zimenezi sizinacitike kwa mnyamata wa 1949 uja, ndipo palibenso wansembe anafa pompempherera. Pali zina zolaula zimene sindingazilembe m'magazini ya sukulu. Tikumbukire kuti Linda Blair, amene asewera ngati Regan, anali ndi zaka 13 zokha pamene anayamba kujambula. Ellen Burstyn nayenso anabvulala msana pamene anamkoka ndi cingwe mwamphamvu kuti aoneke ngati wamenyedwa. Ine ndiganiza kuti kuopseza anthu sikuyenera kugulidwa ndi mtengo wotere.

Caciwiri ndi kumene coipaco cicokera. Kanemayu ayambira ku Iraq, pa mabwinja a Hatra, kumene Merrin afukula kafano, naimirira maso ndi maso ndi fano lalikuru la Pazuzu. Wopenya aphunzira kuti zoipa zicokera ku maiko a anthu ena, ndi ku zipembedzo za anthu ena. Koma anthu akale a ku Asuri ndi ku Babulo anali kubvala cifanizo ca mutu wa Pazuzu pakhosi, makamaka amai apakati, kuti ciwateteze iwo ndi makanda ao kwa mzimu wina woipa, Lamashtu. Kanemayu sanena zimenezi. Ife Acewa tidziwa kuwawa kwa cinthu cotere, pakuti alendo ambiri poona gule wamkuru anamucha nchito ya Satana asanafunse tanthauzo lace. Pa Mishoni ya Mua, imene inayamba m'caka ca 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni m'caka ca 1976, nayamba kufunsa ndi kulemba zimene gule aphunzitsa, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamlemekeza gule wamkuru monga cuma ca anthu onse. Cinthu coopsa maonekedwe siciri coipa nthawi zonse.

Cacitatu n'cakuti mwanayo alibe mau. Ciyambire pakati pa kanemayu sitimvanso cimene Regan aganiza. Thupi lace lisanduka bwalo lomenyerapo ansembe ndi ciwanda, ndipo ife tileka kumuona ngati mwana wodwala, tiyamba kumuona ngati cirombo comangidwa pa kama.

Cacinai, cimene ciri cacikuru koposa zonse, ndi m'mene aonetsera cipatala. Tiona mwana atagonekedwa pansi pa makina aphokoso, singano iri kulowa m'khosi, magazi ali kuthamanga. Anthu ambiri anati pamenepa ndi poopsa kuposa pa ciwanda pomwe. Kenaka madotolo ambiri akhala mozungulira tebulo, onse atagwira njakata, ndipo ndi iwo eni amene auza amai aja kuti akayese kwa ansembe. Wopenya aturuka ndi phunziro lakuti dotolo akapanda kupeza nthenda, ndiye kuti ndi ciwanda. Phunziro limeneli ndi labodza. Dotolo akapanda kupeza nthenda, kawirikawiri ndi cifukwa cakuti nzeru ya nthawi yace siinafikepo. M'caka ca 2007, dotolo wina dzina lace Josep Dalmau ndi anzace ku America anafotokoza nthenda ina ya kutupa kwa ubongo, imene asilikari a m'thupi amenya ubongo wa mwini wace. Igwira makamaka atsikana ndi amai acitsikana: wodwala asintha khalidwe, aona zinthu zimene palibe, akomoka, apotokola nkhope ndi thupi. Madotolo a 1973 sakanaipeza, pakuti inali isanadziwike, koma lero ambiri acira nayo akalandira mankhwala msanga.

Ndipo pali nkhani ina yomvetsa cisoni. Ku Germany kunali mtsikana, Anneliese Michel, amene madotolo anampeza ndi khunyu. Iye ndi makolo ace anakhulupirira kuti ali ndi ziwanda, nasiya za cipatala. Ansembe awiri anamcitira mwambo wotulutsa ziwanda ka 67 pa miyezi ngati 10, ndipo anamwalira pa 1 July 1976, ali ndi zaka 23, cifukwa ca kusadya ndi kusowa madzi m'thupi. M'caka ca 1978 bwalo la milandu linapeza makolo ace ndi ansembe awiriwo olakwa pa imfa yace. M'kanema mwana acira, koma kunja kwa kanema si nthawi zonse zitha motero.

CIMENE CINACITIKA KWATHU

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndinaibisa usiku wa mkangano uja. Ndiri ndi mlongo wanga wamng'ono amene anadwala malungo a mu ubongo, nagona m'cipatala masiku ambiri. Anacira, koma patapita miyezi anayamba kugwa. Anagwa kawiri ine ndiri kuno ku sukulu, ndipo anthu ena a m'mudzi anati ndi mizimu, ena anati wina anamcita cipongwe. Ine ndinali ndisanaonepo ndi maso anga.

Patapita masiku atatu nditaona kanema uja, tinali kuotha moto m'khichini madzulo, ine ndi iye, tiri kuocha cimanga. Mwadzidzidzi anapfuula ndi mau amene sindinawamvepo, nauma thupi lonse, nagwa. Maso anatembenuka, thobvu linaturuka m'kamwa, miyendo iri kugunda pansi. Anzanga, ndinene zoona: sindinaone mlongo wanga ai, ndinaona nkhope ya Regan. Ndinalumpha pakhomo ndi kuthawira kuseri kwa nkhokwe, ndiri kukuwa kuti, "Ciwanda! Ciwanda!" Amene anamcotsa pa moto ndi agogo, nkhalamba yosaona bwino, imene siinaloweponso m'baisikopo. Pofika iwo, mkono wace wamanzere unali utapsa kale.

M'mawa mwace amai anambereka kunka naye ku cipatala cifukwa ca balalo. Amene anamtsuka balalo anafunsa m'mene anapsera, nafunsanso za malungo aja, ndipo anati nthendayi ndi khunyu. Anampatsa mapiritsi ochedwa phenobarbitone, akumwa tsiku ndi tsiku. Ciyambire pamenepo kugwa kunacepa kwambiri, ndipo anabwerera ku sukulu. Amai sanaleke kumpempherera usiku uli wonse, koma akatha kupemphera amafunsa ngati wamwa mankhwala. Tsiku lina ndiri kumthandiza kumanga nsaru pa mkono, anandifunsa kuti, "Acimwene, agogo akuti munathawa. Munathawiranji?" Ndinasowa coyankha, ndipo cipsera cija cimandifunsabe funso lomwelo nthawi zonse ndikapita ku chuthi.

Sindinena kuti kanema ndiye anamuocha mlongo wanga. Wothawa ndinali ine. Koma kanemayu anadzala m'mutu mwanga cithunzi cimene cinafika msanga kuposa nzeru, ndipo anatha kutero cifukwa ndi wokonzedwa mwaluso. Kanema wacabe sakanandithawitsa.

Pambuyo pace ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga, popeza safunsa anadya phula. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti anthu ngati 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndi kuti pafupifupi 7 mwa 10 ali onse angathe kuleka kugwa atapimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera. Khunyu ndi kusokonezeka kwa kanthawi kwa mauthenga a mu ubongo. Ingayambe ndi malungo a mu ubongo, ndi nthenda youmitsa khosi, ndi kubvulala m'mutu, ndi zobvuta pa nthawi yobadwa, ngakhale ndi mphutsi za njoka za m'mimba za nkhumba zikafika ku ubongo, cinthu cimene ife oweta nkhumba tiyenera kucidziwa. Siipatsirana ndi thobvu kapena ndi kumkhudza wodwala. Munthu akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikeni cofewa kumutu, mgonekeni cammbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo musampanikize. Kugwedezekako kukapitirira mphindi 5, thamangani naye ku cipatala.

MAU OTSIRIZA

Tsono kwa anzanga a mbali zonse ziwiri za mkangano uja ndinena kuti nonse munali ndi zoona pang'ono. The Exorcist ndi kanema wa luso, wodekha, wonena zakuya za cikondi ca kholo ndi za munthu wotaya moyo wace cifukwa ca mwana wa mwini. Koma aonjeza zonyansa zosafunika, anyoza zinthu za anthu ena, ndipo aphunzitsa maso athu kuopa mwana wodwala. Sindikangana ndi munthu pa za mizimu, pakuti yense ali ndi cikhulupiriro cace, ndipo ine ndiri naco canga. Ndingopempha zinthu ziwiri. Amene muli ndi abale ang'ono, musawatenge kukaona kanemayu, ngakhale mwini kanyumba ka vidiyo awalole kulowa. Ndipo amene mwamuona kale, tsiku lina mnzanu akadzagwa m'kalasi, m'bwalo la mpira kapena pafupi ndi moto, musadzacite monga ndinacitira ine. Bambo Karras, ndi mantha ace onse, anabwerera m'cipinda muja. Ngati pali cinthu coyenera kutengera m'kanemayu, ndi cimeneco.

Wophunzira wa Fomu 4